Ukwati wa a Kupa Awiri

Ana anga, amayi anu amati ine ndikapatsidwa madzi akumwa ndimayamba ndayang'ana pansi pa kapu. Sakunama. Ndinabadwa wokayika, ndipo zaka zonse zimene ndinaphunzitsa Chingerezi sizinandichiritse. M'mutu uno ndikulemba za ntchito imeneyo, makamaka za ukwati wina umene unatha ku Vubwi chifukwa cha funso langa. Mwamvapo zidutswa zake kwa anthu ena, ndiye kuli bwino muimve yonse kwa mwini wake.

Katete, 1981 mpaka 1989

Ndinayamba ntchito pa sukulu ina kunja pang'ono kwa Boma la Katete. Ahedi anali a Mwanza, bambo wamfupi woyenda ndi makiyi omangirira ku mpango. Sukulu yonse inali ndi dikishonale imodzi, ndipo inkakhala m'kabati yokhoma mu ofesi mwawo. Tsiku loyamba nditaipempha anandiyang'ana ngati ndapempha mwana wawo wamkazi. "A Sakala, buku ili silituluka muno," anatero. "Mukasowa mawu, bwerani nawo mawuwo kuno." Ndinaganiza kuti kabatiyo ikubisa zina osati buku lokha, ndipo sindinalakwe: kuseri kwa bukulo kunali sopo ndi mchere. Masiku amenewo zinthu zimenezi zinkasowa, munthu ukamva kuti zafika kusitolo unkasiya choko pa bolodi n'kuthamangira pamzere. Choncho dikishonale ndinkaiwerenga chiimire, a Mwanza ali pambali kulondera sopo wawo.

Poima pamenepo ndi pamene ndinakondera tizilembo ting'onoting'ono tonena kumene mawu anachokera. Ndinapeza kuti mawu oti salale, malipiro a pamwezi aja, akuti anachokera ku mawu a Aroma otanthauza mchere, ati chifukwa asilikali awo ankapatsidwa ndalama zogulira mchere. Nkhaniyi ndinaikayikira, ndipo ndimaikayikirabe, chifukwa ndi yokoma mopitirira. Nditawauza a Mwanza anati, "Ngati n'zoona, Aromawo anali ndi mwayi, chifukwa mcherewo ankaupeza." Kumapeto kwa bukulo kunali masamba ofotokoza maina a Angerezi. Ndinadabwa kuona kuti maina amene tinkawaopa aja ambiri ndi ntchito chabe. Smith ndi wosula zitsulo, Baker wophika buledi, Taylor ndi telala, Miller ndi wachigayo, Carter woyendetsa ngolo. Johnson ndi mwana wa John basi, ndipo Hill ndi munthu amene ankakhala pafupi ndi phiri. Ana m'kalasi atamva kuti ku Mangalande kulinso a Phiri anaseka mpaka a Mwanza anabwera kudzaona ngati mphunzitsi alimo.

Sinda, 1990 mpaka 2002

Ku Sinda anandipatsa kalasi yopanda magalasi m'mawindo. Ndinawauza ana kuti windo poyamba ankatanthauza diso la mphepo, ndipo mwezi wa Juni wonse ankandidandaulira kuti maso a mphepo achuluka. Kumeneku n'kumene anthu anayamba kunditchula kuti Aphunzitsi a Maina. Makolo ankandiimitsa pamsika kuti ndiwauze za maina awo, a Foloko, a Supuni, a Sikelo, a Kabichi. Maina amenewa agogo awo anabwera nawo kuchokera ku mapulazi a ku Walale ndi ku migodi, ena chifukwa mzungu analephera kutchula dzina lenileni, ena chifukwa mawuwo anangowakomera m'khutu. Ena ankandifunsa mondiyesa, kuti aone ngati ndinama, ndipo ndikapanda kudziwa ndinkanena kuti sindidziwa. Ndinkauzanso ana kuti maina athu enieni sali ngati a Angerezi. Athu amalankhula ndi munthu. Mayi amene sangathe kuyankha apongozi ake pamaso amatcha mwana Ganizani kapena Mwatitha, ndipo wouzidwayo amamva tsiku lililonse mwanayo akamaitanidwa.

Mwa ana amene ndinaphunzitsa kumeneko munali mtsikana wina dzina lake Esinati Kupa. Pa mapepala a sukulu ankalemba Cooper. Anali wanzeru, wa mawu ochepa, ndipo tsiku limene ndinanena kuti Cooper ndi mmisiri wopanga migolo yamatabwa anzake anamutcha Namgolo temu yonse. Sanalire. Anangowaposa onse pa mayeso.

Vubwi, 2003 mpaka 2005

Pamene ankanditumiza ku Vubwi, malowo anali asanakhale boma paokha. Msewu unali woti ukakwera galimoto umafika utaiwala zimene umakatenga, ndipo ana ena m'kalasi ankagona ku Malawi n'kumadzaphunzira kwathu. Ahedi anali a Mvula, munthu woseka iwe usanamalize kulankhula. Anthu otero ine sindigwirizana nawo. Chaka choyamba chonse sitinkamwerana madzi, chifukwa pa misonkhano ya aphunzitsi ndinkafunsa mafunso ambiri. Chimene chinanditonthoza n'choti pa sukulu yomweyo ndinapezapo Esinati, tsopano ali mphunzitsi. Ankanditchulabe aphunzitsi ngati akadali mwana wa giredi seveni, ndipo Lamlungu lambiri ankadya kwathu. Amayi anu ankamutenga ngati mwana wawo woyamba.

A Mvula anali ndi mphwawo, mwana wa mlongo wawo, dzina lake Yohane Kupa, mnyamata waulemu amene ankagula mtedza kwa alimi n'kukagulitsa kutsidya kwa malire. Atayamba kuonekera limodzi ndi Esinati anthu ankangoseka kuti a Kupa awiri apezana. Koma nkhani itafika kwa ankhoswe, azakhali ake a Esinati ochokera ku Sinda anaimitsa zonse. Anati dzina ndi limodzi, mfunda nawonso onse ndi a Banda, ndiye iwo sangalandire kanthu mpaka atadziwa kuti si magazi amodzi. A kuchimuna anayankha kuti a Banda ndi theka la dziko, komanso agogo a Yohane anali a Petulo pamene agogo a Esinati anali a Jailosi. Abambo a ana onse awiriwa anali atamwalira kale. Azakhali aja sanasunthe, ndipo anapangana tsiku loti mbali zonse zidzakumane.

Lamlungu lina masana ndinangoona a Mvula akulowa pabwalo pathu, tambala ali kukhwapa. Chibwerereni ine ku Vubwi anali asanapondepo pakhomo pathu. "A Sakala, inu ndi ine tili ngati sitidziwana, n'zosayenera," anatero akuseka. Anafunsa za ana, anayamikira mbatata za amayi anu, kenaka anafika pa mfundo. "Gogo uja wa ku Sinda akutivuta ndi nkhani ya dzina. Inu anthu amakukhulupirirani. Mukangowauza zija mumauza ana, kuti Cooper ndi ntchito ya migolo, si mtundu ayi. Kodi n'zabodza?" Ndinati si zabodza. "Basi, n'zomwezo. Sindikukupemphani kunama." Potsanzika anaonjeza kuti malo a mphunzitsi wamkulu ali opanda munthu, ndipo iwo akuganiza za dzina loti atumize ku ofesi.

Atachoka, amayi anu anafuna kuika madzi pamoto. Ndinati tambalayo amangidwe mwendo kaye, asaphedwe mpaka ndidziwe chimene akulirira. "Inu mpaka nkhuku mukuiyang'ana pansi?" anatero amayi anu. Koma mtima wanga sunakhale m'malo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chifukwa chiyani munthu andipatse tambala ndi udindo kuti ndinene zinthu zimene ndimanena kwaulere Lolemba lililonse? Ndipo nditaganizira bwino ndinaona pamene panali vuto. Ku Mangalande a Cooper awiri angathe kukhala osadziwana, chifukwa mudzi uliwonse unali ndi wopanga migolo wake. Koma kuno ndani anapangapo mgolo wamatabwa? Dzinali silinafike kuno ndi ntchito. Linafika ndi munthu, ndipo ngati munthuyo anali mmodzi, zoona za m'buku zikanatha kukhala bodza pansi pa mtengo wa ankhoswe.

Kumapeto kwa mwezi, popita kukaona mkulu wanu amene anali ku sukulu yogonera, ndinatsika pa Katete n'kulowa m'sitolo ya Che Yusufu. Ameneyu anali mkulu wachisilamu wobadwira ku Malawi, amene anabwera ali mwana ndi bambo ake, telala wa pakhonde. Tinadziwana zaka za mizere ya sopo zija. Nditamufunsa za dzina la Kupa sanachedwe. Anati kumbali ya Sinda kunali mzungu wolima fodya dzina lake Cooper, ndipo antchito ake onse ankatchedwa anthu a Kupa, koma amene dzinalo linamumatirira anali mmodzi, woyendetsa ngolo ya ng'ombe. "Jailosi. Ankabweretsa mabuluku a bwana wake kwa bambo anga, ndiye akatulukira bambo ankati wafika Kupa. Dzanja lamanzere analibe chala chachikulu, tcheni cha ng'ombe chinadula. Pulazi itatsekedwa anasiya mkazi ndi ana, n'kulowera ku mapiri a kumalire uko. Ndinamva kuti kumeneko analowa tchalitchi, koma ine za kutchalitchi sindizitsata." Ndinaganiza m'mtima kuti akanakhala Mngerezi, munthu ameneyu akanatchedwa Carter, ndipo vuto lonseli silikanakhalapo.

Che Yusufu nayenso sindinamukhulupirire kwathunthu. Anali wokalamba, ndipo okalamba amasoka nkhani ziwiri kukhala imodzi. Komabe munthu wolowa tchalitchi atakula amalandira dzina latsopano, ndipo Petulo ndi dzina la ubatizo. Ndinabwerera ku Vubwi mutu uli wolemera. Ndinauza amayi anu okha. Iwo anati, "Mwafunsidwa tanthauzo la dzina. Kayankheni tanthauzo la dzina, mukhale pansi." Ndinawafunsa ngati iwo angalole mwana wawo kukwatiwa ndi mlongo wake. Paja ana a munthu ndi mng'ono wake si asuweni oti n'kukwatirana, ndi pachibale penipeni. Lachisanu Esinati anabwera kudzabwereka sefa, ndipo potuluka anandigwadira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mawa mukatithandize." Amayi anu anamuperekeza ndi maso mpaka anakhota kuseri kwa kalasi.

Msonkhano unachitika m'mawa pansi pa mtengo wa mango kwa amayi ake a Yohane. Azakhali a ku Sinda anakhala pamphasa miyendo itatambasulidwa, nkhope ili gwa. A Mvula anandiitana ndi maudindo amene ndinalibe. Ndinaimirira n'kufotokoza zonse, za Smith, za Taylor, za Cooper wopanga migolo, ndi kuti kwa Angerezi dzina limodzi si umboni wa magazi amodzi. Ndinaona mapewa a anthu akutsika. Azakhali aja anapukusa mutu pang'ono n'kunena kuti, "Ngati Aphunzitsi a Maina atero, ine ndine ndani." A Mvula anayamba kuomba m'manja. Esinati anandiyang'ana ndi kumwetulira kumene ndinali nditakuona kamodzi kokha, tsiku limene anakhoza mayeso a giredi seveni. Mpando wanga unali pomwepo kumbuyo kwanga, ndipo palibe akanandiimba mlandu ndikanakhala.

Sindinakhale. Ndinati, "Zimene ndanenazi ndi za ku Mangalande. Kuno dzinali linachokera kwa mzungu mmodzi wa pulazi ya fodya. Ndiloleni ndifunse funso limodzi, likapanda kanthu ndipepesa." Ndinatembenukira kwa azakhali aja. "Amayi, bambo anu a Jailosi, dzanja lawo lamanzere linali lotani?"

"Analibe chala chachikulu," anayankha osaganiza n'komwe. "Tcheni cha ng'ombe. Anachoka ine ndili wamng'ono, nkhope ndinaiwala, koma dzanjalo ndimalikumbuka."

Ndinaona Yohane atagwira chala chake chachikulu cha kumanzere, akuchiyang'ana. Amayi ake anafunda chitenje kumaso. Mnyamatayo ndiye anayamba kulankhula, motsitsa mawu kwambiri. "Agogo a Petulo ankandigwiritsa pamene panali chalapo. Ankati chinadyedwa ndi fisi chifukwa ankakana kusamba."

Azakhali aja anapinda miyendo, naimirira pang'onopang'ono. "Chibale ndi fupa, sichiola," anatero. "Yohane, ndiwe mwana wa mlongo wanga. Bwera undipatse moni." Yohane anapita n'kugwada, akulira. Esinati sanalire. Anadzuka n'kulowera njira ya kusukulu yekha. A Mvula anandiyandikira, ndipo kanali koyamba kuwaona osaseka. "A Sakala, tinakufunsani zimenezo?" Ndinati ayi. "Mukudziwa chimene mwachita?" Ndinati ndikudziwa, ndipo ndinkaganizadi kuti ndikudziwa.

Madzulo ake ndinamasula tambala uja n'kukamubweza. Nditabwerako ndinapeza amayi anu atakhala pakhonde manja ali m'masaya. "Mwana uja ndi woyembekezera," anatero. "A Mvula akudziwa, amayi ake a Yohane akudziwa. N'chifukwa chake amathamangitsa ukwati." Ndinawafunsa kuti anauzidwa ndi ndani. "Palibe. Ndinaona ndi maso anga dzulo atabwera kudzabwereka sefa, koma ndinalibe umboni, ndipo inu popanda umboni simumva. Inu oyang'ana pansi pa kapu, zili pamwamba simunazione." Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo pa ntchito yanga yonse. Kukayika kwanga kunali kolondola, tambala anali ndi chimene ankalirira, koma chimene ankabisa a Mvula sichinali chibale. Iwonso za chala sankazidziwa. Ankangofuna kuphimba manyazi a ana awiri.

Esinati anasiya ntchito temu isanathe n'kubwerera kwa azakhali ake. Yohane anawolokera ku Mozambiki ndi malonda ake, ndipo sanabwererenso kudzakhala. Malo a mphunzitsi wamkulu anapatsidwa kwa wina. Chaka chisanathe ndinalandira kalata yondisamutsira ku kasukulu kena ka m'midzi ya ku Sinda, kutali ndi msewu waukulu. Kalatayo sinanene chifukwa, ndipo ine sindinafunse.

Sinda, 2006 mpaka 2013

Mwina mukufuna kudziwa ngati ndikanabwereza. Ndikanabwereza. Sindikanatha kukhala pa mpando uja n'kusiya anthu akhulupirire dzina langa pa chinthu chimene ndinkadziwa kuti mwina n'chabodza. Koma musaganize kuti kunena zoona kumagonetsa tulo tabwino.

Pa kasukulu kaja aphunzitsi tinali ochepa kwambiri, moti ine wa Chingerezi ndinkaphunzitsanso giredi wani ndi giredi thuu. Mu Januwale 2012, tsiku lolembetsa ana atsopano, ndinakweza mutu n'kuona Esinati ali pamzere, atagwira dzanja la kamnyamata. Anali atada ndi dzuwa la m'munda wa thonje. Ndinkadziwa mudzi wa azakhali ake, ndipo ndinkadziwanso kuti pafupi nawo pali sukulu ina. Anaidutsa imeneyo n'kubwera kwa ine. Anagwada n'kundipatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za amayi anu ndi za inu, nkhope yake osaonetsa kanthu.

"Dzina la mwana?" ndinafunsa.

"Funsani."

Cholembera chinaima. "La bambo?"

"Lembani Banda. La Kupa linatsala pansi pa mango paja."

Ndinalemba. Kenaka ndinalephera kudzigwira. "Esinati, dzina limeneli ukuuza ndani?"

"Inu si Aphunzitsi a Maina? Munatiphunzitsa nokha." Anamukonza mwanayo kolala, namuuza kuti azimvera, n'kumapita.

Zaka ziwiri zomaliza za ntchito yanga ndinkaitana dzina limenelo m'mawa uliwonse. Masiku ena linkamveka ngati kuthokoza, ngati akuti safunsa anadya phula, munachita bwino. Masiku ena linkamveka ngati akuti funsani, funsaninso, si ndinu odziwa kufunsa, onani chimene funso lanu linasiya. Ndinalitembenuza mbali zonse monga ndinkachitira ndi mawu a m'dikishonale ya a Mwanza, koma dzina ili linalibe tizilembo ting'onoting'ono pansi pake. Mwanayo anali wathanzi, wanzeru ngati mayi ake, wa mawu ochepa.

Temu yanga yomaliza ndinati ndiwasangalatse ana ndi phunziro langa lakale. Ndinawauza za wosula zitsulo, za telala, za a Phiri a ku Mangalande, ndipo anaseka monga ankasekera ana a ku Katete. Cooper ndinamudumpha. Nditamaliza, Funsani anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga langa linachokera kuti?"

Ine amene ndinayankha a Foloko ndi a Sikelo pakati pa msika ndinayang'ana pa bolodi. "Limenelo ukafunse amayi ako," ndinatero.

"Ndinawafunsa kale. Anati ndidzafunse inu."

Ndinamuuza kuti tidzakamba tsiku lina, ndipo mwezi wotsatira ndinapuma pa ntchito. Pano Funsani ndi mnyamata wamtali. Ndikakumana naye pamsika wa Katete amandipatsa moni ndi manja awiri, ndipo tikatha kulonjerana sachoka msanga. Amaima kaye pang'ono, kundidikira.